Ngati mukufuna ntchito ya Aino ndi Alvar, pitani ku Munkkiniemi

Achemwali, za visa ndi malo ogona akuyankhani ena. Ine ndingoyankha poti mwati muli ndi tsiku limodzi lokha lopuma ku Helsinki, ndipo mukufuna kuona zimene Alvar Aalto, katswiri wa zomangamanga wa ku Finland, anapanga limodzi ndi mkazi wake Aino.

Amene akukulozerani ku Finlandia Hall akusocheretsani. Holo imeneyo inatha mu 1971, pamene Aino anamwalira mu 1949. Pomanga holoyo Alvar ankagwira ntchito ndi mkazi wake wachiwiri, Elissa, amene anakwatirana naye mu 1952. Studio Aalto, ofesi ya Alvar ya 1955, nayonso chimodzimodzi. Ndi nyumba zabwino, koma dzanja la Aino mulibemo.

Kwerani tram (sitima yoyenda m'misewu) nambala 4 mpaka ku Munkkiniemi, dera la mu Helsinki momwemo, mukafunefune msewu wa Riihitie, nambala 20. Imeneyo ndi nyumba yawoyawo, imene anajambula awiri n'kuimaliza mu 1936, kuti azikhalamo komanso kugwiriramo ntchito. Mukaima kumsewu siikopa n'komwe, yangotseka. Mbali ya ofesi ndi ya njerwa zopaka zoyera, mbali yokhala anakutira ndi timatabwa takuda. Mukalowa m'pamene mumamvetsa: mawindo aakulu ayang'ana kumunda wa kumwera, komwe kuli dzuwa, ndipo pakati pa balaza ndi ofesi pali chitseko chokankha chabe. Kwa ine palibe malo ena mumzindamo amene amaonetsa bwino kuti banja ndi ntchito zinali pamodzi. Muyang'anitsitse mipando ya pathebulo lodyera. Ndi yachikale, anaigula ku Italy atangokwatirana, ndipo sanaitaye ngakhale iwo eni ankapanga mipando yamakono.

Musamve zoti Aino ankangothandizira mwamuna wake. Anamaliza maphunziro a zomangamanga mu 1920, Alvar mu 1921. Kampani ya mipando ya Artek anaiyambitsa mu 1935 pamodzi ndi Maire Gullichsen ndi Nils-Gustav Hahl, ndipo pambuyo pake Aino ndi amene ankaiyendetsa.

Chenjezo: m'nyumbamo simulowa nokha, mumayenda ndi wokuonetsani, gulu laling'ono, pafupifupi ola limodzi. Gulani tikiti pa intaneti masiku akadalipo, ndi cha m'ma 30 euro. Mukangotulukira pakhomo mutha kubwerera osalowa. Ngati ulendo wanu ndi wa mu Disembala, sankhani nthawi ya masana chifukwa pofika 4 koloko kwada kale, munda simuuona.

Musayesenso kuphatikiza Paimio tsiku lomwelo. Chipatala cha TB chimene anamanga kumeneko, chomwe chinatha mu 1933, chili kufupi ndi Turku, maola ngati awiri kuchokera ku Helsinki. Chimafuna tsiku lakelake.

Za mphatso, musavutike ndi mpando wa miyendo itatu wa Artek, Stool 60. Weniweni umapitirira 200 euro, ndipo zotsika mtengo zimene mumaziona pa intaneti zambiri ndi zotengera. Ina imene munthu wina anandigulitsa inayamba kugwedera miyendo chaka chisanathe. Gulani matambula agalasi a mizeremizere amene Aino anapanga mu 1932, omwe anapata mendulo ya golide ku Milan mu 1936. Kampani ya Iittala ikuwapangabe, awiri ndi cha m'ma 20 euro. Muwakulunge m'zovala pakati pa sutikesi, afika bwinobwino.