Kodi anthu wamba angaletse chishopu chachikulu kumangidwa kwawo?

FUNSO: Akonzi, ine ndili ndi kagolosale kwathu kuno, ndimagulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira oyeza ndi zina zing'onozing'ono. Kwamveka mphekesera zoti malo a kuseri kwa msika wathu akufuna kumangapo chishopu chachikulu chija chokankha ma trolley. Anzanga ena akusangalala ati ntchito zibwera, ine tulo sindikuona. Kodi ziliko zoti anthu wamba anakanizapo kampani yaikulu, kapena tingokhala chete poti ndalama ndi zawo?
Mayi wa golosale, Lilongwe

YANKHO: Ziliko ndithu mayi, ndipo ndikuuzani ya ku Inglewood, tauni yomwe ili m'dera la Los Angeles, m'chigawo cha California ku America, komwe anthu ambiri ndi akuda ndi a chi Latino, anthu ongodalira malipiro a pamwezi basi.

Kumeneko kampani ya Walmart, yomwe ndi chimphona cha mashopu padziko lonse, inkafuna kumanga pa malo okwana maekala 60 pafupi ndi bwalo la mipikisano ya mahatchi la Hollywood Park. Makhansala ataonetsa kuti sakufuna, kampaniyo sinabwerere m'mbuyo, inasainitsa anthu masauzande kuti nkhaniyo ipite ku voti ya anthu onse, nde mu chikalata chovoteracho munali mfundo yoti ntchitoyo idutse popanda kuunika za chilengedwe, popanda kafukufuku wa kuchuluka kwa magalimoto komanso popanda misonkhano ija anthu amapita kukanena maganizo awo. Apa mpomwe anthu anapsa mtima. Walmart inawononga ndalama zoposa 1 miliyoni ya madola pa kampeni, meya wa tauniyo Roosevelt Dorn anali mbali yawo, koma mu April 2004 anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse omwe anavota anati ayi.

Onani bwino mayi, anthuwa sikuti ankadana ndi katundu wotchipa, ndani safuna kugula motsika? Chinawawawa n'choti kampani ikufuna kulowera pawindo chitseko chilipo, kuwadumpha eni dera ngati kulibe. Komanso nthawiyo inali itangotha sitalaka yaikulu ya ogwira ntchito m'masupamaketi a kumwera kwa California, anthu pafupifupi 70,000 anakhala osagwira ntchito kuyambira October 2003 mpaka February 2004 kulimbirana inshulansi ya chipatala, nde aliyense ankadziwa kuti kukabwera shopu yolipira pang'ono yopanda yuniyoni, ena onse atsitsa malipiro kuti apikisane nayo. Mipingo, mayuniyoni ndi eni timashopu anagwirana manja, kuyenda khomo ndi khomo, m'busa Jesse Jackson ndi phungu Maxine Waters nawo anabwera kudzathandiza.

Malo aja pambuyo pake anagula mpondamatiki wina dzina lake Stan Kroenke mu 2014 ndipo lero ndi mbali ya pomwe pali bwalo la masewero la SoFi Stadium, nde musaganize kuti kukana kamodzi ndiye kuti malo akhala choncho mpaka kale. Mwa njira, Walmart yomweyi ndi yomwe inagula magawo 51 pa 100 a kampani ya Massmart ya ku South Africa mu 2011, eni ake a mashopu a Game, ndiye si nkhani ya kutali kwenikweni.

Tsopano za inu. Kwathu kuno kulibe zovota pa shopu imodzi ngati ku California, koma chinyumba chachikulu sichimangidwa popanda chilolezo cha mapulani ku khonsolo, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye ndipo anthu okhudzidwa afunsidwe, bungwe loyang'anira zimenezi ndi MEPA. Nde musadikire kuti muone malata atazungulira malowo ndi thirakitala ikukumba, pamenepo kumakhala kuti zambiri zasainidwa kale. Pitani kwa khansala wanu sabata ino, mutenge a komiti ya msika, mufunse kuti malowo ndi a ndani, pempho lomanga lalowa kapena ayi, ndipo mulembe kalata yoti idindidwe kuti yalandiridwa, inu musunge kope lanu.

Anzanu omwe akufuna ntchito musawaone ngati adani, nawonso ali ndi ana osowa chochita pakhomo. Khalani nawo pansi muwerengere limodzi, ntchito zibwera zingati, zokhazikika kapena zaganyu, nanga mabenchi a tomato ndi magolosale omwe angatsekedwe ndi angati, msewu wolowera ku msika utsekedwa kapena ayi, madzi a mvula ochoka pa simenti yonseyo azithamangira kunyumba za ndani. Mukapita ku khonsolo ndi mafunso otere muli gulu, kukubwezani n'kovuta kusiyana ndi kungoti sitikufuna.

Ine mantha anu ndikuwamvetsa ndipo si opanda pake, pa shuga ndi sopo wa makatoni simungapikisane nawo mtengo. Koma shopu yaikulu siyeza mafuta a usiku umodzi, sikongoza mayi yemwe malipiro a bambo achedwa, ndiye pomwe mukumenya nkhondo ya ku khonsoloyo makasitomala amenewa agwireni bwino, ndipo mutilemberenso mutiuze zomwe khansala wayankha.