Kodi septic tank imafuna chilolezo, nanga dothi la kudambo lingailole?

FUNSO: Ndinagula poloti ku Area 49 mu Lilongwe, kumunsi kufupi ndi dambo, ndipo ndikufuna kumanga nyumba ya chimbudzi chogejemula. Mmisiri wanga akuti septic tank, thanki ya pansi yolandira zonyansa za m'chimbudzi, tidzakumba kuseri kwa nyumba tikamaliza kufolera, ndipo akuti siifuna chilolezo chifukwa imakhala pansi pa nthaka. Woyandikana nane ali ndi chitsime pa mtunda wa mamita 15 kuchokera pamalo amene mmisiriyo wasankha. Kodi akunena zoona? Ndine bambo wa ana atatu, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, mmisiri wanu walakwitsa. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti womanga aliyense apeze chilolezo asanayambe ntchito, ndipo kwanu kumeneko pulani imapita ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Septic tank ndi gawo la nyumbayo, choncho pulani iyenera kuonetsa pamene thankiyo idzakhale, kukula kwake, njira ya mapaipi ndi kumene madzi otuluka adzalowere. Lamulo la Public Health Act nalonso limapatsa khonsolo mphamvu yokulamulani kuti mukonze kapena mutseke chimbudzi chimene chikuika moyo wa anthu pachiswe, ngakhale mutachimanga ndi ndalama zanu pamalo anu.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi dambolo. Anthu ambiri amaganiza kuti thanki ndiyo imayeretsa madzi, pamene ntchito yake yeniyeni ndi kulekanitsa: zolemera zimadikha pansi, mafuta amayandama, ndipo madzi a pakati, amene akadali ndi tizilombo toyambitsa matenda, amatulukira ku dzenje lachiwiri lija amisiri amati soakaway. Kuyeretsa kwenikweni kumachitika m'dothi, madziwo akamalowa pansi pang'onopang'ono podutsa m'nthaka imene muli mpweya. Dothi lakuda la makande, lofala m'mbali mwa madambo, limang'aluka m'chilimwe ngati lingamwe madzi onse, koma mvula ikagwa limafufuma ndi kutseka, ndipo zonyansa zimabwerera m'nyumba kapena kusefukira pabwalo pamene ana anu akusewera. Mchenga wokhawokha, monga wa m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi, uli ndi vuto losiyana, chifukwa madzi amaudutsa mofulumira asanayere. Katondo wa kumtunda kawirikawiri ndiye amachita bwino.

Choncho yesani dothi lanu musanajambulitse pulani, ndipo muliyese m'dzinja, cha mu Febuluwale kapena Malichi, pamene madzi a pansi akwera kwambiri. Poyamba kumbani dzenje lakuya mamita awiri kapena kuposerapo, mulitchinge bwino kuti mwana asagweremo, ndipo muone ngati mukuvundukuka madzi. Pakati pa pansi pa soakaway ndi madzi a m'nthaka payenera kutsala dothi losachepera mita imodzi ndi theka. Kenako kumbani kadzenje ka masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya kwake, kuyambira pa kuya kumene paipi yochokera mu thanki idzathere, mukadzaze madzi ndi kukasiya usiku wonse kuti dothi likhute. M'mawa mwake mudzazenso, muwerenge nthawi imene madzi atenge kuti atsike kuchoka pa masentimita 22.5 kufika pa 7.5. Malinga ndi muyezo umene akatswiri a ku Britain amatsata, nthawiyo ikakhala pakati pa theka la ola ndi maola anayi dothilo ndi loyenera. Bwerezani katatu, chifukwa kuyesa kamodzi kumanamiza.

Za chitsime cha mnansi wanu sindizengereza: mamita 15 ndi ochepa. Alangizi a zaumoyo amanena mamita osachepera 30 pakati pa gwero la madzi akumwa ndi malo olowera madzi a chimbudzi, ndipo soakaway iyenera kukhala kumunsi kwa chitsime. Tisaiwale kuti kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe ndi limodzi mwa maboma amene analira maliro ambiri.

Dothi likakana, musalikakamize pokuza dzenje, chifukwa dzenje lakuya m'dambo limangosanduka chitsime cha zonyansa. Funsani ku khonsolo ndi ku Lilongwe Water Board ngati paipi ya zonyansa yopita kumalo oyeretsera madzi a zimbudzi ku Kauma ikudutsa pafupi ndi poloti yanu. Ngati siikudutsa, injiniya angakujambulireni ngalande zosaya zodzaza miyala pamalo okwezedwa ndi dothi labwino, kapena thanki yotsekeratu imene galimoto yopopa zimbudzi imabwera kudzakhuthula, ngakhale njira yomalizayi imadya ndalama chaka chonse.

Mulimonse mmene zingakhalire, thankiyo ikhale ya zipinda ziwiri, choyamba chitenge magawo awiri mwa atatu, ipakidwe simenti bwino kuti isamadonthe, ndipo pasiyidwe njira yoti galimoto yopopa ifikepo. Musalole munthu aliyense kulowamo kukatapa ndi ndowa, chifukwa mpweya wa m'menemo umakomola munthu asanakuwe n'komwe.