Kwa achimwene amene mwafunsa za ulaliki wa mitengo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mukuti abusa anu anathera ulaliki wonse wa Lamulungu pa nkhani yodzala mitengo, ndiye mukufunsa ngati zimenezi n'zoyenera pa guwa, poti dzikoli n'lopita ndipo lidzapsa ndi moto. Ine ndikuti abusawo analalikira Baibulo lenileni, ndipo mpingo unachedwa kale kuyankhulapo.

Za moto mukunenazo zili pa 2 Petro 3:10, sindikuzikana. Koma tsikani mpaka ndime 13, mupeza kuti tikuyembekezera miyamba yatsopano ndi dziko latsopano. Woweruza ndi wokonzanso ndi Mwini wake, ndipo palibe pomwe anatituma kuti tiyambiretu kuwotcha. Thupi lanulo nalonso lidzabwerera kufumbi, komabe malungo akakugwirani mumathamangira kuchipatala. Pa Genesis 2:15 munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuuyang'anira, tchimo lisanalowe n'komwe. Pa Levitiko 25 nthaka inapatsidwa chaka chopumula, Mulungu n'kunenetsa kuti dzikolo ndi lake, anthu ndi alendo chabe. Ngakhale pankhondo, Deuteronomo 20:19 analetsa asilikali kugwetsa mitengo ya zipatso ya mudzi umene auzinga.

Ife a kuno ku Ntcheu sitikufunikanso kuuzidwa ndi a mabungwe. Mu 2018 damu la Mpira linaphwa, mipope n'kuuma kuyambira kuno mpaka ku Balaka. Mvula inavuta, inde, koma madzi a damulo amachokera m'mapiri a Mvai, kumene nkhwangwa ndi makasu zinalowa kalekale. Phiri likakhala mbee, madzi a mvula salowa pansi. Amangothamanga ndi dothi, matope n'kukadzaza m'damu, chilimwe chikafika akasupe alibe kanthu. Anavutika ndani? Amayi omwewa amene timakhala nawo m'tchalitchi, kudzuka tambala woyamba ndi zidebe kukadikira madzi kuchitsime. Wodula mitengo kumtunda samuona mnzake wa kuchigwa cha Bwanje amene munda wake ukukokoloka, koma lamulo lokonda mnansi limafika mpaka kumeneko.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mipingofe tili m'gulu la omaliza mitengo. Taimani pafupi ndi uvuni wa njerwa za tchalitchi muone zimene zimalowa m'makomo mwake. Si tinthambi ayi. Ndi zipika zoti amuna anayi agwirizane ponyamula, mombo, msuku, mwinanso mango amene ana amadya, ndipo moto wake umafuna kusonkhezera usana ndi usiku. Tikamaliza timaimba nyimbo zothokoza kuti nyumba ya Mulungu yatha, pomwe phiri lake talimeta mpala. Pa msonkhano waukulu banja lililonse limauzidwa kubweretsa mtolo wa nkhuni, koma sindinamvepo chilengezo choti banja lililonse lidzale mtengo wobwezera. Kumapiri kumene timakapemphera usiku timasiyako majumbo, mabotolo ndi moto wosazima.

Ndiye tayang'anani kumanda. M'midzi yambiri ya Dedza ndi Ntcheu, malo okhawo amene mungapezeko mitengo yachilengedwe ikuluikulu ndi kumanda. Kulibe mlonda, kulibe mpanda, koma palibe amene amalowako ndi nkhwangwa mwachisawawa chifukwa makolo anati malowa ngolemekezeka. Kusunga nkhalango timakudziwa tikafuna. Ife amene timawerenga pa Masalimo 24 kuti dziko lonse ndi zonse zili m'menemo n'za Yehova, tikulephera bwanji kupereka ulemu womwewo ku Mvai, ku Dzonzi kapena ku Chongoni?

Wowotcha makala musamuloze chala yekha. Ambiri ndi njala ndi fizi ya ana zimene zimawatumiza kuphiri, ndipo phindu lenileni amadya ndi ena. Matumba aja mumawaona atandandalika m'mbali mwa msewu wa M1 amagulidwa ndi ife, ena mwa ife akulu ampingo, pochokera ku misonkhano. Ulaliki wongodzudzula wosauka uku wogula akugwedeza mutu pabenchi yakutsogolo sungathandize. Mpingo umene uli ndi banki m'khonde ungathe kumuthandiza munthuyo kuyamba ulimi wa njuchi kapena wa kudimba. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anatsindika zomwezi, kuti kulira kwa dziko ndi kulira kwa osauka n'kumodzi. Kaya ndinu a CCAP, a Katolika kapena a Pentekosite, mfundoyo njoona.

Zochita zake n'zosavuta. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kudzala kokha n'kujambulitsa sikukwanira, chifukwa mbande zambiri zimafa ndi mbuzi, chiswe ndi moto wa osaka mbewa. Mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake woupalira ndi kuutchingira. Zitsa zimene zikuphukira m'munda musazizule, patulirani mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zimakula msanga kuposa mbande. Msangu usiyeni pakati pa chimanga, poti umayoyola masamba nthawi yadzinja, suphimba mbewu, ndipo umawonjezera chonde. Amayi ophika pa misonkhano agwiritse ntchito mbaula ya Chitetezo m'malo mwa mafuwa atatu.

Ngati kwanuko mukumanga tchalitchi kapena nyumba ya abusa, pa msonkhano wa akulu ampingo ukubwerawu mukaimike dzanja mufunse kuti nkhuni zowotchera njerwa zichokera kuti, nanga bwanji osawerengetsa mtengo wa mabuloko a simenti. Abusa anuwo mukawalimbikitse, chifukwa ena akhala akuwanena kumbali ngati momwe mwamveramo.