Mvula ya kumadzulo kwa Ireland siusidwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Dublin. Apatsidwa tchuthi cha masiku 9 kumayambiriro kwa July, sukulu zikangotsekera, ndipo akufuna kubwereka galimoto yogonamo, ija kuno amati campervan, kuti iwo, bambo akunyumba ndi ana awiri akaone gombe la Atlantic kumadzulo kwa Ireland, kwina pagalimoto kwina wapansi. Anzawo kuntchito awauza kuti kumeneko mvula siikata, angokataya ndalama. Ndiye akufunsa kuti apite kapena adikire nyengo yabwino, ndipo ngati n'kupita, ayambire pati.

Achemwali, pitani. Koma anzanuwo sananame, ndipo nyengo yabwino imene mukuti muidikireyo ilibe tsiku lake pa kalendala. Ku Dublin kumene mukukhalako kumagwa mvula pafupifupi mamilimita 750 pachaka. Ku Valentia, ku Kerry, imapitirira 1,500, ndipo m'mapiri a kumadzulo imadutsa 2,000. Mphepo ya dziko lino nthawi zambiri imachokera kumwera chakumadzulo, itayenda mtunda wautali pamwamba pa nyanja ikutola chinyezi. Mtunda woyamba umene imakumana nawo ndi mapiri a Kerry, Connemara, Mayo ndi Donegal. Ikamakwera mapiriwo imazizira, n'kutula katundu wake pomwepo. Imene imafika kwanu ku Dublin ndi yotsalira chabe.

Chimene ndikufuna muchimvetse musanalipire kalikonse ndi ichi: ife tinaleredwa ndi mvula youusa. Kwathu mitambo ikachita bii, mabingu n'kuyamba, munthu umathamangira pakhonde la golosale, umadikira ola limodzi, yakata, dzuwa latuluka, ulendo ukupitirira. Nzeru imeneyi kuno siigwira ntchito. Ngati munakhalako ku Thyolo kapena ku Mulanje nthawi ya chiperoni, mwayandikira: mvula yamawawa, yopyapyala, yobwera cham'mbali ndi mphepo, imene simuimva kugunda padenga koma pakatha mphindi makumi awiri mwanyowa mpaka malaya am'kati. Imatha kukata kasanu patsiku n'kuyambanso kasanu. Ulendo wanga woyamba ndinataya masiku awiri athunthu nditakhala m'galimoto pafupi ndi tauni ya Clifden ku Connemara, ndikupukuta galasi, kudikira kuti kuyere. Tsiku lachitatu ndinaona agogo awiri, mwamuna ndi mkazi, akutsika m'galimoto yawo, kuvala majekete ndi mabuluku a mvula, n'kulowera m'kanjira ka m'phiri mvula ili mkati. Atabwerera madzulo nkhope zawo zinali zowala. Ine ndinali wouma, koma ndinali ndisanaone kanthu. Kuyambira pamenepo galimoto ndimaitenga ngati malo obwererako kukauma, kuphika ndi kugona. Ulendo weniweni uli kumapazi.

Tsono za njira. Msewu umene mwauona pa intaneti, Wild Atlantic Way, unatsegulidwa mu 2014 ndipo ndi wautali pafupifupi makilomita 2,500, kuchokera ku Inishowen ku Donegal kukafika ku Kinsale ku Cork. Musayese kuumaliza. Timisewu take tambiri ndi topapatiza, tokhotakhota, mbali zonse kuli mipanda ya miyala, nkhosa zimagona pa tala penipeni, ndipo mukakumana ndi thirakitala, mmodzi wa inu amayenera kubwerera m'mbuyo mpaka potakasuka. Mtunda umene foni ikuti ndi wa ola limodzi, pa galimoto yaikulu muuwerengere ola ndi theka. Pa masiku 9, ndi ana, ine ndingasankhe chigawo chimodzi chokha: kuchokera ku Galway, kudutsa Connemara, kukafika ku chilumba cha Achill ku Mayo. Muzigona mausiku awiri pamalo amodzi. Kusamuka tsiku lililonse ndi zovala zonyowa kumatopetsa kuposa kukwera phiri.

Mukadzafuna kupita ku Donegal ulendo wina, chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene azungu anzanu kuntchito sangachiganizire. Njira yachidule yochokera ku Dublin, yodzera ku Monaghan, imalowa mu Northern Ireland, cha ku Omagh ndi Strabane, ndipo limenelo ndi dziko la United Kingdom. Palibe chipata, palibe wokuimitsani, mumangoona zikwangwani zasintha kuchoka pa makilomita kupita pa mamailosi. Koma chilolezo chokhala mu Ireland si viza ya UK, ndipo pasipoti ya Malawi imafuna viza kumeneko. Dzerani ku Sligo, simutuluka m'dziko.

Galimotoyo yokha siivuta monga mukuopera. Kuno amayendetsa kumanzere ngati kwathu, ndipo zambiri zobwereketsa sizipitirira makilogalamu 3,500, kotero laisensi wamba ya gulu B imakwanira. Koma iyenera kukhala laisensi yathunthu, ya wophunzira salola. Musanatumize ndalama, alembereni obwereketsawo, muwauze laisensi imene bambo ali nayo ndi dziko limene inachokera, akuyankheni molemba. Funsaninso ngati mipando ya ana ili ndi malamba, chifukwa lamulo limafuna kuti mwana wosafika masentimita 150 kapena makilogalamu 36 akhale pa mpando woyenera msinkhu wake. Lembani kutalika kwa galimoto pa kapepala, mumate pafupi ndi chiwongolero. Malo ambiri oimikapo magalimoto kugombe ali ndi chitsulo chopingasa pamwamba, cha mamita awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo denga mukaliphwanya ndalama yachikole yapita.

Kogona, gonani m'malo okonzedwera zimenezi, ndipo mu July sungitsani malo nthawi ikadalipo. Ndikudziwa zithunzi zimaonetsa galimoto ili yokhayokha pamchenga dzuwa likulowa. Koma malo ambiri m'mbali mwa msewu ali ndi eni ake, magombe ambiri ali ndi zikwangwani zoletsa kugonapo, ndipo chimbudzi cha m'galimoto chimakhuthulidwa pamalo ake okha, osati m'ngalande kapena kuseri kwa mpanda. Chinanso, ndipo ichi kwa inu ndiye chachikulu, kumalo amenewa kumakhala magetsi, bafa la madzi otentha, ndipo kambiri makina oumitsira zovala. Posankha, funsani za makina amenewa musanafunse za maonekedwe a malo.

Mdani wa m'galimoto si mvula yakunja, ndi chinyezi cham'kati. Anthu anayi akupuma usiku wonse, majekete onyowa ali pa chitseko, mphika wa nsima ukufuka nthunzi: m'mawa madzi amayenderera m'magalasi ndipo zofunda zimachita chinyontho. Pophika tsegulani kazenera ka padenga ngakhale kukuwaza. Zonyowa zonse zikhale malo amodzi, m'kabafa kapena m'beseni pafupi ndi khomo, ndipo aliyense akhale ndi zovala zake zogonera m'jumbo yomanga, zimene sizituluka panja zivute zitani. Nsapato muziikamo nyuzipepala usiku. Ndipo chonde, achemwali, kukazizira musayatse sitovu ya gasi kuti muwothe m'galimoto mazenera ali otseka. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi ya June kwathu. Sununkha, suoneka. Onetsetsani kuti galimoto ili ndi kachipangizo kolira mpweyawo ukachuluka, ndipo kayeseni musananyamuke. Ufa mugulire ku Dublin komweko, m'timagolosale ta m'midzi ya kumadzulo simukaupeza. Ndiwo zokha musadandaule, nsomba ya mackerel nthawi imeneyo imapezeka yatsopano.

Zovala: jini ndi malaya a thonje zisiyeni zoyendera m'tauni. Zikanyowa siziuma, ndipo mphepo ikaziomba zimakoka kutentha m'thupi. Mu July kumakhala madigiri 15 mpaka 18 masiku ambiri, zimene zimamveka zabwinobwino, koma mwana wonyowa ali pamtunda pa mphepo amayamba kunjenjemera msanga. Aliyense akhale ndi jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa, buluku la mvula lovala pamwamba, juzi ya ubweya kapena fleece, ndi sokosi zambiri. Ambulera kumeneko mphepo imaipinda tsiku loyamba. Mwana akayamba kuzungulira mutu, kupunthwa pafupipafupi kapena kulankhula mosamveka, bwererani pomwepo, musati tatsala pang'ono.

Koyenda wapansi ndikupatsani malo atatu, ndipo ndiyamba ndi posavuta. Ku Letterfrack kuli Connemara National Park, kolowa ulere, ndipo kuchokera pamenepo pali njira yokonzedwa bwino yokwera Diamond Hill, phiri la mamita opitirira pang'ono 440. Kuzungulira konse ndi pafupifupi makilomita 7, maola atatu ndi ana. M'madambo anayalamo matabwa, motsetsereka anaikamo miyala ngati masitepe. Pali njira zazifupi m'munsi ngati pamwamba pali chifunga. Mudzaseka kumva kuti limeneli ndi phiri, inu odziwa kuti Sapitwa ndi mamita 3,002. Koma mapiri a kuno amayambira panyanja penipeni, alibe mitengo yotchinga, ndipo chifunga chimatsika m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake Croagh Patrick, la mamita 764 pafupi ndi Westport, limene anthu zikwi amakwera kukapemphera Lamulungu lomaliza la July, sindikulangizani kulikwera ndi ana tsiku lamvula. Chakumsonga kwake n'kotsetsereka kwambiri ndipo miyala imaterera.

Malo achiwiri ndi Omey, kachilumba kakang'ono pafupi ndi Claddaghduff, komwe mumafika poyenda pamchenga nyanja ikaphwa. Apa mvetserani, chifukwa ife a kunyanja ya Malawi timadziwa mafunde a mwera koma sitidziwa nyanja yophwa ndi kudzaza. Atlantic imachita zimenezi kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha tsiku lililonse. Pamene mwadutsa pouma m'mawa, pakatha maola ochepa pamakhala madzi omiza galimoto. Onani ndandanda ya nthawi za madzi, funsani anthu a pamudzipo, tsatirani zikwangwani zozikidwa mumchenga, ndipo galimoto yobwerekayo isiyeni kumtunda. Ana amasangalala kwambiri pamenepa. Kusamba m'nyanja, kokha kumene kuli opulumutsa anthu, pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu.

Malo achitatu ndi amene ndimafuna Mmalawi aliyense wokhala kuno atawapondako. Kuchokera ku Leenane, kumutu kwa Killary (mbali ya nyanja yolowerera kumtunda pakati pa mapiri), msewu umalowera kumpoto m'chigwa cha Doolough kupita ku Louisburgh. Kuli nyanja yakuda pakati pa mapiri awiri, kulibe nyumba, kuli nkhosa ndi mphepo basi. Kuyambira 1845 chiwawu chinagwira mbatatesi, chakudya chimene osauka a dziko lino ankadalira monga ife timadalira chimanga. Pofika 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atafa, ndipo enanso ochuluka chomwecho anali atathawira kunja. Kumapeto kwa March 1849, anthu anjala a ku Louisburgh anauzidwa kuti akaonekere kwa akuluakulu oona za chithandizo, amene anali atapita ku nyumba yotchedwa Delphi Lodge, mtunda wa makilomita pafupifupi 19. Anayenda usiku, m'nyengo yoipa, ali ndi nsanza zokha, ndipo ena mwa iwo anafera m'njira imeneyi. M'mbali mwa msewu muli mtanda wamwala wowakumbukira. Imikani galimoto pamalo otakasuka, mutsike nonse, muyende ngakhale kilomita imodzi m'mbali mwa nyanjayo. Ine ndinafikapo tsiku lamvula, ndili ndi jekete yabwino ndi mimba yokhuta, ndipo ndinakumbuka agogo anga akusimba za njala ya 1949, mmene anthu ankayendera mitunda kukafuna chinangwa, ena osabwerako. Mbatata ija kumsika kwathu timaitchula dzina la dziko lino, sindinaionenso chimodzimodzi. Auzeni ana anu nkhani zonse ziwiri mutaima pamenepo. Mvula ikamagwa m'pamene malowa amamveka bwino.

Ku Achill mumalowa pa mlatho. Kumeneko kuli mabwinja a mudzi wa Slievemore, nyumba zamiyala zopanda madenga zondondozana m'munsi mwa phiri, ndipo ana atha kuyendamo bwinobwino. Gombe la Keem ndi lokongola zedi, koma msewu wake umadutsa m'mphepete mwa phompho. Mupiteko m'mawa kwambiri magalimoto asanachuluke, ndipo ngati kuli mphepo yamphamvu, lisiyeni.

Kulikonse kumene mungayende, kumbukirani kuti minda ndi mabusa ambiri ndi a anthu, ngakhale pamene palibe mpanda. Tsatirani njira zokhala ndi zizindikiro, chipata mukachipeza chotseka muchitsekenso. Madzulo opanda mphepo kumatuluka tizilombo tating'onoting'ono totchedwa midges, tonga nkhungu za kunyanja kwathu koma toluma, ndiye tengani mankhwala odzola. Mukadutsa m'maudzu aatali, ayang'aneni ana nkhupakupa asanagone.

Usiku uliwonse onani zanyengo pa tsamba la Met Éireann, bungwe loona zanyengo m'dziko lino, makamaka chithunzi chosonyeza kumene mvula ili ndi kumene ikulowera. Chimakuuzani ngati mpata wa maola awiri ukubwera 10 koloko m'mawa kapena 5 koloko madzulo, ndipo popeza mu July dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ulendo wa madzulo ndi wotheka ndithu. Machenjezo awo ali ndi mitundu itatu. Lachikasu, yendani m'munsi ndi m'midzi, kutali ndi maphompho. La olenji kapena lofiira, limenelo ndilo tsiku lokhalo louusa: imikani galimoto potchingika, mphuno yake iloze kumphepo, muphike tiyi. Pakagwa ngozi imbani 112 kapena 999, munene ngati muli kuphiri kapena kunyanja. M'zigwa zina netiweki imasowa, choncho musanatsike m'galimoto tumizani uthenga kwa m'bale ku Dublin wonena kumene mukupita ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwerako.