Mwana wanuyo sanauzidwe kuti f(x) ndi chiyani

Mayi, chonde musamuuze mwanayo kuti mutu wake si wa masamu. Zimene mwafotokozazo, zoti ankakhoza bwino aljebra mpaka pamene anayamba kukumana ndi f(x) m'buku, ndi zimene zinandichitikira ine ndendende, ndipo powerenga funso lanulo m'gulu lino mtima wanga wayambanso kuwawa ngati kuti zachitika dzulo.

Aphunzitsi amene anatiyambitsa ma function kusekondale analowa m'kalasi, n'kulemba pa bolodi kuti f(x) = 2x + 3, n'kunena kuti paliponse pamene pali x tiziikapo nambala imene tapatsidwa. Phunziro linathera pomwepo. Sanatiuze kuti f ndi dzina la lamulo, si nambala ayi, komanso kuti mabulaketiwo amangosonyeza chimene tikulowetsa m'lamulomo. Zaka zonse m'mbuyomo tinali titaphunzira kuti chilembo chikagundana ndi mabulaketi ndiye kuti tichulukitse, monga mmene a(b + c) amakhalira ab + ac. Tsono mwana akaona f(x + 1) n'kulemba fx + f, amakhala akumvera zimene anamuphunzitsa kale, ndipo wolakwa ndi amene sanamuchenjeze kuti mabulaketi omwewo apatsidwa ntchito ina.

Ine ndinadziphunzitsa ndekha usiku, pojambula tebulo la mizere iwiri m'kope, mzere wina wa nambala zolowa, wina wa zotuluka. Ndikalowetsa 1 pankatuluka 5, ndikalowetsa 2 pankatuluka 7, ndikalowetsa 4 pankatuluka 11, ndipo ndinaona kuti lamulolo limangotenga nambala, kuichulukitsa ndi 2, kenako kuwonjezera 3. Tsiku limene tinafika pa inverse, amene ndi lamulo lobwerera m'mbuyo kuchoka pa yankho kupita pa nambala imene inalowa, aphunzitsiwo anandiloza kuti ndipite kubolodi ndikapeze inverse ya 2x + 3 yomweyo. Ndinaganiza kuti ngati lamulolo limayamba ndi kuchulukitsa ndi 2 n'kumaliza ndi kuwonjezera 3, pobwerera ndiyenera kuyamba ndi kuchotsa 3 n'kumaliza ndi kugawa ndi 2. Ndinalemba (x − 3)/2 pa mzere umodzi. Yankho limenelo linali lolondola.

Iwo anayang'ana bolodi, anandiyang'ana ine, n'kundifunsa kuti, "Wakopera kwa ndani?" Ndinayankha mwaulemu kuti sindinakopere kwa munthu, ndipo ndinayesa kufotokoza kuti munthu amayamba kuvala masokosi kenako nsapato, koma povula amayamba ndi nsapato. Sanandilole kumaliza. Anatembenukira kwa anzanga n'kulengeza kuti kalasi yathu yapeza katswiri wa masamu a nsapato, ndipo aliyense anaseka, ngakhale amene ndinkakhala naye pa desiki imodzi. Kenako anatenga chofufutira, anafufuta yankho langa pang'onopang'ono, analemba y = 2x + 3, anasinthanitsa x ndi y, anatsika mizere inayi, n'kufika pa (x − 3)/2 yemwe uja, n'kumudula mizere iwiri kunsi. Palibe amene anatsegula pakamwa kunena kuti ndi zomwe zinafufutidwa zija. Sanandiuze kuti ndikakhale pansi, choncho ndinaima pambali pa bolodi mpaka belu linalira, choko chitanyowa ndi thukuta m'dzanja langa, ndikuyang'ana pansi kuti misozi isaoneke. Pa mayeso a kalasi amene anatsatira ndinayankha funso la inverse m'njira yanga yomweyo, ndipo anandipatsa ziro n'kulemba ndi inki yofiira pambali kuti ndabera. Dzina la nsapato lija linandikakamira, ndipo chaka chonsecho sindinakwezenso dzanja m'phunziro la masamu.

Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti munthu amene anandichititsa manyaziyo sanatiuzepo kuti −1 wa pa f⁻¹(x), mmene timalembera inverse, si mphamvu (power) ngati wa pa x⁻¹, amene amatanthauza 1/x. Anzanga ambiri ankalemba 1/(2x + 3) monga inverse, ndipo iwo ankangochonga kuti n'zolakwika n'kutinena kuti ndife aulesi. Kukanangotenga mphindi ziwiri kutisonyeza kuti f(4) ndi 11, choncho f⁻¹(11) ayenera kutibwezera 4, pamene 1/f(11) ndi 1/25, nambala yosagwirizana n'komwe ndi zimene tikufuna. Akatswiri a masamu enieniwo nkhani ya ma function inawatengera nthawi yaitali. Leibniz anayamba kulemba za ma function m'chaka cha 1673, Leonhard Euler anabweretsa kalembedwe ka f(x) m'chaka cha 1734, ndipo tanthauzo limene lili m'mabuku a sukulu lero limagwirizanitsidwa ndi zimene Dirichlet analemba m'chaka cha 1837. Zaka zoposa 150 zinadutsa anthu ozama akulimbana nazo, koma aphunzitsi athu ankafuna kuti ana azimve m'phunziro limodzi, ndipo wofunsa funso ankamuyesa wamwano.

Tsono mukakhala pansi ndi mwanayo, yambani ndi tanthauzo la Dirichlet lomwelo, chifukwa ndi losavuta kusiyana ndi mmene limamvekera. Function ndi lamulo limene limapereka yankho limodzi lokha pa nambala iliyonse imene yalowa. Nambala ziwiri zosiyana zikhoza kutulutsa yankho lofanana, monga pa g(x) = x², pamene 3 ndi −3 onse amatulutsa 9, ndipo palibe vuto. Chosaloledwa n'chakuti nambala imodzi itulutse mayankho awiri. N'chifukwa chake x² + y² = 25 si function ya x, popeza x akakhala 3, y akhoza kukhala 4 kapena −4. Pa galafu zimenezi zimaoneka ndi maso: mukajambula mzere woimirira paliponse ndipo wadula galafuyo malo awiri, imeneyo si function. Mwana akamvetsa zimenezi amamvetsanso chifukwa chake x² alibe inverse pokhapokha titangolola nambala za mbali imodzi, monga zoyambira pa 0 kupita m'mwamba, chifukwa pobwerera kuchoka pa 9 sitingadziwe ngati tinachokera pa 3 kapena pa −3.

Pa nkhani ya mabulaketi ija, musamuuze lamulo, mulekeni ayese yekha ndi nambala. Pa f(x) = 2x + 3, apeze f(1 + 2), amene ndi f(3), ndipo apeza 9. Kenako apeze f(1) ndi f(2) paokhapaokha n'kuwaphatikiza, ndipo apeza 5 kuphatikiza 7, amene ndi 12. Akaona ndi maso ake kuti 9 ndi 12 n'zosiyana, sadzayesanso kugawa f ngati nambala yochulukitsira. Muzimuuzanso kuti polowetsa nambala aziikulunga m'mabulaketi nthawi zonse, makamaka ikakhala ya negative, chifukwa (−3)² ndi 9 koma −3² ndi −9, ndipo malikisi ambiri amatayika pa kachinthu kameneka. Domain isamuopse, ndi nambala zimene lamulolo lingalandire basi. Pa 1/(x − 2) nambala 2 singalowe chifukwa sitigawa ndi 0. Range ndi mayankho onse amene angatuluke.

Pamene ana ambiri amagwera ndi pa composite, pamene yankho la lamulo lina limalowetsedwa m'lamulo linzake, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Titenge f(x) = 2x + 3 ndi g(x) = x² aja. Pa fg(2), amene amayamba kugwira ntchito ndi g, chifukwa ndiye ali pafupi ndi nambalayo, ngakhale kuti powerenga timayamba kutchula f. Choncho g(2) ndi 4, ndipo f(4) ndi 11. Koma pa gf(2) timayamba ndi f(2), amene ndi 7, kenako g(7), amene ndi 49. Malamulo ndi awiri omwewo, nambala yolowa ndi yomweyo, koma mayankho ndi 11 ndi 49. Mwana amene anazolowera kuti 2 kuchulukitsa ndi 3 n'chimodzimodzi ndi 3 kuchulukitsa ndi 2 amaganiza kuti fg ndi gf n'zofanana, ndipo palibe chimene chingamuchotse maganizo amenewo kuposa kuwerengera yekha zitsanzo zingapo.

Komabe, Mayi, pa mayeso mwanayo asachite zimene ndinachita ine. Aloweze pamtima njira ija ya kulemba y, kusinthanitsa x ndi y, n'kusiya y payekha, ndipo alembe mzere uliwonse ngakhale yankho akuliona kale m'mutu, chifukwa ochonga amapereka malikisi pa njira, ndipo yankho lopanda njira limaoneka ngati lobera. Njira imeneyo imathandizanso pa mafunso monga (x + 1)/(x − 2), pamene x akupezeka malo awiri ndipo kubwerera m'mbuyo ndi mutu wokha sikutheka. Aichite mobwerezabwereza mpaka dzanja lizolowere, ngakhale asanamvetse bwino chifukwa chake, kumvetsako nthawi zina kumabwera pambuyo. Akapeza inverse aziiyesa ndi nambala imodzi, ailowetse mu f, yankholo alilowetse mu inverse, aone ngati wabwerera pamene anayambira.

Musamulimbikitsenso kutsutsana ndi aphunzitsi ake pamaso pa kalasi, ngakhale atakhala kuti walondola. Pitani nokha mukaonane nawo mwaulemu, muwapemphe kuti akusonyezeni pamene mwanayo akuphonya, chifukwa aphunzitsi ambiri amasangalala kholo likafika ndi funso lolunjika, ndipo iwo ndi amene amadziwa zimene mayeso amafuna kuposa ife a m'gulu lino. Ngati pepala la mayeso limene sanakhozelo lilipo, lijambuleni mulitumize muno mutabisa dzina lake ndi la sukulu, kuti tione ngati vuto lili pa mabulaketi, pa inverse kapena pa composite.