Funsani Aphunzitsi: Kodi dzina loti sugarcane linachokera kuti?

Funso: Aphunzitsi, ine ndimadula nzimbe ku Nchalo. Mwana wanga wa Fomu 2 wandifunsa chifukwa chake nzimbe pa Chingerezi amati sugarcane, chonsecho ndodo yokwapulira ana amatinso cane. Ndasowa chomuyankha. Bambo wa ku Nchalo, Chikwawa.

Yankho: Bambo, mwanayo ali ndi khutu labwino, musamugwetse ulesi. Apa pali mawu awiri olumikizidwa, ndipo onsewo Angerezi anachita kubwereka.

Cane anachokera ku Chilatini, canna, Aroma atatengera kwa Agiriki amene ankati kanna. Tanthauzo lake ndi bango, lomweli ladzaza m'dambo la Elephant Marsh. Ine ndinakulira ku Bangula, ndipo ndimakumbukira mayi anga atakhala pansi pa mtengo kung'amba bango losokera mphasa, ife tikusenda nzimbe ndi mano pambali pawo. Taimikani ziwirizi pamodzi muone: mfundo zake n'zofanana, masamba onse amacheka pamkono. Zonse ndi za mtundu wa udzu. Ndodo yokwapulira ija inkadulidwa ku zomera zamfundo ngati zomwezi, dzina n'kuikanirira.

Chimene chimandikoma kwambiri n'chakuti bango lili ndi mphako ngati paipi, choncho Aroma anatcha ngalande ya madzi canalis. Ndiye canal ameneyo. Ngalande zimene zimatenga madzi a Shire kukathirira minda yanu ndi nzimbe zimene mumadula ndi chikwanje, maina awo ndi apachibale.

Sugar ndiye anayenda ulendo wautali. Ku India n'kumene anthu anayamba kuphika madzi a nzimbe mpaka kuuma n'kusanduka timibulu. M'chinenero chawo chakale cha Sanskrit ankati sharkara, kutanthauza timiyala kapena mchenga wokhakhala. Aperezi anati shakar, Aluya n'kuti sukkar. Aluyawo analima nzimbe ku Egypt, Sicily ndi Spain, liwu n'kufalikira: ku Italy zucchero, ku France sucre, mpaka kulowa m'Chingerezi cha m'ma 1200. Kulumikiza mawu awiriwa kunadza m'zaka za m'ma 1500. Mukaoloka malire pa Marka kulowa Mozambique, pa paketi mupeza açúcar, ndipo a woyambayo ndi chotsalira cha al, kaliwu ka Chiarabu kofanana ndi the wa Chingerezi. Ife shuga tinatengera kwa Angerezi, koma nzimbe ndi dzina lathulathu, ndipo ndimadandaula ndikamva ana athu akuliona ngati lachimidzi.

Choncho sugarcane, mukamumasula mpaka ku mizu, ndi bango la timiyala. Madzulo ano muuzeni mwanayo atape shuga wabulawuni pang'ono, amufikise pakati pa zala ziwiri. Kukhakhala kumene amveko ndi kumene Amwenye akale anamva pomutcha sharkara.