Bolopeni ndi luso la László Bíró, Bic anabwera pambuyo

Achimwene, pa funso lanu lakuti anatulukira bolopeni ndani, dzina loti mulembe ndi László Bíró, mtolankhani wa ku Hungary, osati Bic monga mnzanuyo akulimbikira. Bíró anaona kuti inki yosindikizira nyuzipepala imauma msanga, koma ndi yolimba moti siyenda m'cholembera cha nibu. Iye ndi m'bale wake György anaika kampira kakang'ono kunsonga, kuti kazizungulira n'kumapaka inkiyo papepala. Analembetsa lusoli mu 1938, kenako ku Argentina mu 1943 atathawa nkhondo.

Marcel Bich wa ku France anagula ufulu wa lusoli n'kutulutsa bolopeni yotchedwa Bic Cristal mu 1950. Yake inali yotchipitsa, ndipo anthu anaiguladi. Wina angakuuzeni za John Loud wa ku America, amene analembetsa cholembera cha kampira mu 1888, koma cholembera chake chinkalemba pachikopa, papepala ayi.

Ine ndimalemba malisiti a kaboni kuntchito, ndipo bolopeni ndimaidinikiza mpaka zituluke patsamba lachitatu. Nibu ingapindike.

Kabowo ka pachivindikiro kamene munafunsako ndi kodutsira mpweya munthu akachimeza mwangozi. Mwana akameza, musadalire kabowoko, thamangani naye kuchipatala.